Mativi a Bambo Fiyuzi

Amayi aja anthu ankawatchula kuti a Telala, chifukwa cha makina awo osokera omwe ankalira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anakhala pabanja ndi mwamuna mmodzi zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo sanamuonepo atakhoma msomali n'kulowa mowongoka. Chitseko cha kubafa chinkatsekedwa ndi mwala. Mpando wina wa pabalaza unkaimira njerwa mbali imodzi. N'chifukwa chake tsiku limene anamva anthu a mumsewu wawo akutchula mwamuna wawoyo kuti mmisiri, a Telala anaseka mpaka singano inawabaya chala.

Bambowo anagwira ntchito nthawi yaitali m'sitolo yaikulu yogulitsa katundu wa magetsi. Mlendo akawafunsa za ntchito yawo, ankakweza chibwano n'kunena kuti, "Ine moyo wanga wonse ndakhala mu zamagetsi." Silinali bodza lenileni. Ankatsitsa makatoni m'lole kupita nawo kuchipinda chosungiramo katundu, kenako n'kuwatulutsanso kupita nawo kugalimoto ya wogula. Chomwe ankadziwa pa tivi chinali kulemera kwake, ndi mbali yoyenera kuyang'ana kumwamba. Atapuma ntchito, mabwana anawapatsa tivi yakale, ija yaikulu msana ngati kamba, yomwe inakhala pashelefu mpaka fashoni yake inatha. Anawasiyiranso jasi yabuluu ya kuntchito, chifukwa palibe wina akanaivala.

Tiviyo inagwira ntchito zaka ziwiri. Loweruka lina masana, amuna asanu a mumsewumo atadzaza pabalaza kuonera mpira, inangoti thi, mdima. Anaimenya mbama, osayaka. Anasintha soketi, osayaka. Apo bambowo anaitanitsa mpeni wa kukhitchini, n'kumasula chivundikiro cha kumbuyo anthu onse akuyang'ana. M'katimo munali fumbi, akangaude ndi kabotolo kagalasi kakang'ono ngati chidutswa cha cholembera, katada m'kati. Anakumbukira kuti tsiku lina ataima ndi katoni pamutu anaona mmisiri wa kusitolo kuja akusintha kena kotero, akukatchula kuti fiyuzi. Anathamangira kumsika, anabwera ndi kena, anakalowetsa.

Tsoka la banja limenelo linali lakuti tiviyo inayaka.

Amuna aja anaomba m'manja ngati chigoli chalowa. Wometa wa pakona anawagwira chanza ndi manja awiri. A Telala, omwe ankaonera zonsezi pazenera ali ndi mapini pakamwa, anaona nkhope ya mwamuna wawo ikusintha. Nkhope imeneyo anali ataionapo kamodzi, chaka chomwe bambowo anaganiza kuti atha kuweta akalulu.

Lolemba lake bambowo anavala jasi yabuluu ija. Anagula kasikuludiraiva kokhala ndi kanyale kumchira, kamene kamayaka kakakhudza moto, n'kukaika m'thumba la pachifuwa monga amachitira madokotala ndi cholembera. Ankapita nako kutchalitchi, kumaliro ndi kuukwati. Pasanathe mwezi, Wometa anabweretsa tivi ya m'shopu mwake yomwe inkalemba mizere. Kenako anabwera mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda, kenako mkulu wa mpingo, kenako mwini golosale. Aliyense akamafotokoza matenda a tivi yake, bambowo ankatsinzina ngati akumva ululu, n'kumudula pakamwa.

"Musavutike kulongosola. Imeneyi ndi fiyuzi basi."

Yosatulutsa mawu inali fiyuzi. Yogwa pakabati inali fiyuzi. Ya mwini golosale, yomwe mwana anaithira tiyi kumbuyo, inalinso fiyuzi. Dzina la mmisiri silinakhalitse. Mumsewu monse anakhala a Fiyuzi, ndipo eni akewo ankaliyankha mokondwa, poganiza kuti ndi ulemu.

Ntchito yawo inali ndi njira zake. Ankayamba ndi kusintha fiyuzi. Ikakana, ankaimenya kumbali ndi chikhatho. Ikakanabe, ankatsegula ina ya munthu wina, n'kuzula kachinthu kooneka mofanana, n'kukamata ndi mtovu m'malo mwa kanzake. Chowotcherera mtovu chawo chinali msomali waukulu womwe ankautenthetsa pambaula, ndipo nyumba yonse inkanunkha pulasitiki yopsa. Akatseka chivundikiro, patebulo pankatsala tizisikulu titatu kapena tinayi.

"Nanga iti?" anafunsa a Telala tsiku lina.

"Opanga amaika tambiri dala. Amafuna zioneke zovuta kuti anthu aziopa."

"Ndiye inu mwawatulukira."

"Mayi, inu sokani. Za nsalu ine sindikulowererani."

Komatu ankalowerera. Tebulo lomwe a Telala ankadulirapo nsalu linasanduka la opaleshoni. Kachitini kawo ka mabatani anakapeza kali ndi tizisikulu, mabatani atakhuthulidwira m'mbale. Ndipo tsiku lina a Telala anagwira sizasi yawo yaikulu, yomwe ngakhale ana awo ankadziwa kuti kuikhudza n'kuitana mkwapulo, n'kupeza ili ndi mano ngati sowo. A Fiyuzi anali ataduliramo waya. A Telala sanalankhule nawo masiku atatu, koma bambowo sanazindikire, poti anali otanganidwa.

Mativi ankalowa, koma otuluka anali ochepa. Chipinda chomwe ana ankagona asanakule chinadzaza mpaka pazenera: ena atatsegulidwa mimba, ena atagonekedwa chafufumimba, mawaya ali lendelende. Mphemvu zinapeza mudzi. Mwini tivi akabwera kudzafunsa, a Fiyuzi ankamulandira pakhonde, osamulola kupitirira pakhomo.

"Ili bwino kwambiri. Tangotsala ndi kasipeya kamodzi, ndaitanitsa."

Wometa atatopa n'kudikira anaumirira kuti atenge yake momwe ilili. Anaipeza yasiya kulemba mizere, inde, chifukwa chithunzi chinali chitachokeratu, kwatsala mawu okha. Sabata yomweyo mayi wamasiye uja anatenganso yake, yomwe tsopano inkaonetsa chithunzi chabwino koma ili duu ngati yalumbira. A Fiyuzi sanachite manyazi. Anawalangiza kuti aziike pamodzi, ina izilankhula ina izionetsa. A Telala atamva zimenezi anaika nsalu pansi.

"Abambo, kodi anthuwa anakulakwirani chiyani?"

"Amabwera okha. Ndinawaitana?"

Apo ndiye panali powawa, chifukwa zinali zoona. A Telala ankanyansidwa ndi mwamuna wawo, koma ankanyansidwanso ndi anthu a mumsewumo. Kumsika kunali mmisiri weniweni, bambo wamagalasi wosakonda kulankhula, yemwe anthu ankamutcha a Chete. Anali ndi benchi, mita yoyezera moto ndi dzanja losanjenjemera. Koma anthu ankamudutsa, n'kubwera kwa a Fiyuzi, chifukwa kuno kunali kwaulere ndipo ankapatsidwa mpando ndi nkhani. Munthu ankaona mnzake atalira, mawa lake iyenso n'kusenza yake pamutu. A Telala ankati akawaona akulowa pageti, ankapondereza makina mwamphamvu kuti asamve moni.

Tsiku lina akugula ulusi kumsika, a Chete anawakodola ndi chala.

"Amayi, pepani, si kuti ndikulowerera za m'nyumba mwanu. Dzulo kwabwera tivi yochokera kwanu. M'malo mwa fiyuzi muli kachidutswa ka waya wa mpanda."



"Zimenezo zisiyeni," anapitiriza a Chete. "Koma mukawauze ichi. Zakale zazikulu msana zija zimasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Kumbuyo kwa galasi kuli kachipira kokhala ngati kapu, kali ndi waya wonenepa. Pansi pa kachipirako asamapisepo chitsulo."

A Telala anafikitsa uthengawo mawu ndi mawu, pa nthawi ya tiyi. A Fiyuzi anaseka mpaka kutsamwa.

"Moto wotsala tivi itazimitsidwa! Ndiye kuti mpopi ukatsekedwa madzi amatulukabe? Nsanje, mayi. Munthu uja makasitomala amuthawa, ndiye akufuna kundiopseza kudzera kwa mkazi wanga."

"Ine ndangopereka. Safunsa anadya phula."

"Ine ndifunse kwa ndani? Iye uja pamene ankaphunzira kuyenda, ine n'kuti ndili kale mu zamagetsi."

Banjali linali ndi mwana wamkazi, namwino, yemwe anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu. Mkamwiniyo anali munthu wofatsa mopitirira muyezo, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Apongozi ake akamalankhula ankapinda manja kumbuyo n'kumangoti, "Zoona, bambo." Chaka chimenecho awiriwa anagula tivi yamakono, yopyapyala ngati chitseko cha kabati, yotambalala mwakuti munthu mmodzi sakanaifungatira. Posakhalitsa anapeza nyumba ina, koma inkafunika kupakidwa penti kaye, ndiye katundu wosalimba anabwera naye kwa makolo kuti akhale sabata imodzi. Tiviyo anaikulunga m'bulangete n'kuiimika kuseri kwa sofa.

Namwino, yemwe ankawadziwa bwino bambo ake, anawakokera amayi ake kukhitchini.

"Amama, chonde. Asaikhudze."

"Ndiiyang'anira ngati mphika wa mkaka," anatero a Telala.

Anaiyang'aniradi masiku anayi. A Fiyuzi ankaizungulira ngati mphaka pa khola la nkhunda, akumakweza kona ya bulangete n'kupukusa mutu kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba. Tsiku lachisanu a Telala anayenera kukapereka mayunifolomu kusukulu ina. Anaganiza zokhoma chitseko cha pabalaza, koma mungamukhomere bwanji mwamuna kunja kwa nyumba yake? Anangowauza kuti abwera msanga.

Anabwera dzuwa lili paliwombo, ndipo ali pageti anamva fungo la pulasitiki.

Zomwe zinachitika anazimva pambuyo pake, zidutswazidutswa. A Fiyuzi anati angoiyesa, kuopa kuti mwina inavulala pa ulendo. Ataiyatsa, inaonetsa buluu yekhayekha ndi timawu pakona, poti sinalumikizidwe ku eriyo kapena ku chilichonse. Kwa iwo chimenecho chinali chizindikiro cha matenda aakulu, ndipo anamva chisoni kuti ana awo anagulitsidwa chinthu chodwala. Anainyamula n'kuigoneka chafufumimba patebulo lodulira nsalu, osaona kuti pamenepo panali kachitsulo kovala kuchala posoka. Chivundikiro chitakana kutseguka, anatsamira ndi chigongono. Kunamveka kuti the. Ataitembenuza n'kuiyatsanso, chithunzi chinali ngati munthu wathira inki pagalasi n'kupondapo.

Munthu wina akanakhala pansi n'kugwira mutu. A Fiyuzi anaganiza kuti chasowa ndi mphamvu yokankha chithunzi, ndipo mphamvu yoteroyo imapezeka m'mativi akale. Analowa m'chipinda chija, anayatsa yaikulu ya mkulu wa mpingo kuti aone ngati ikadali ndi moyo, anazula pulagi, n'kuyamba kufunafuna choti achotse. A Telala anafika pakhomo la chipindacho nthawi yomwe bambowo ankalowetsa mpeni pansi pa kachipira kaja.

"Abambo, pamenepo ndi pomwe ananena a..."

Kunamveka phaa, ngati chikwapu. Mpeni unauluka n'kukamenya denga. A Fiyuzi anakuwa mawu omwe a Telala anali asanawamvepo pa zaka makumi atatu, dzanja linabwerera lokha n'kung'ambika pa chitsulo cha m'mphepete, ndipo thupi lonse linakagwera pa mulu wa mativi a eni ake. Ya pamwamba, ya mwini golosale, inatsetsereka mwaulemu n'kutera paphazi lawo lamanzere.

A Telala anaima kaye. Pambuyo pake ankavomera okha kuti anaima, mwina kupuma kuwiri kapena kutatu, akuyang'ana mwamuna wawo ali chagada pakati pa mawaya, jasi yabuluu itakwera mpaka m'khwapa. Kenako mantha anawagwira, anang'amba nsalu ya kasitomala n'kumanga dzanja lija, akukuwira anansi. Wometa ndi amene anabwera ndi wilibala. Anthu omwe mativi awo anafera m'nyumbamo anaima m'mageti mwawo kuonerera a Fiyuzi akudutsa miyendo ili m'mwamba, ndipo palibe anaseka mokweza, zomwe a Telala anaziona ngati chifundo chosayenera.

Kuchipatala anawasoka dzanja n'kuwaika chikhakha kuphazi. Namwino anawapeza ali pabedi akufotokozera odwala anzawo kuti munthu wosazolowera magetsi akanafera pomwepo. Anawayang'ana bambo akewo, anayang'ana amayi ake, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Yathu ija?"

A Telala anangogwedeza mutu. Namwino anatuluka panja.

Mkamwini anabwera kunyumba mawa lake, a Fiyuzi atatulutsidwa. Anaima kutsogolo kwa tivi yake nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Anaigwira pakona ndi chala chimodzi. A Telala anadikira, akupemphera mumtima kuti mwana wa eni akeyu alankhule ngati munthu kamodzi kokha.

"Mwina inali kale ndi vuto, bambo," anatero mkamwiniyo potsiriza, mawu ali pansi. "Mwina pa ulendo paja."

"Mwamva, mayi?" anatero a Fiyuzi ali pasofa, phazi lili pampando. "Munthu wophunzira ameneyu. Ndimanena ine kuti inabwera yodwala."

"Aphunzitsi," anatero a Telala, "inu mumaphunzitsa ana kuti ziwiri kuphatikiza ziwiri ndi zinayi. Lero mwabwera m'nyumba mwanga kudzanena kuti ndi zisanu chifukwa apongozi anu ali ndi chikhakha? Tiviyi inalowa muno yamoyo. Aiswa ndi awa, ndi chigongono ichi, patebulo langa. Ulemu wotere ndi umene wadzaza chipinda chija."

A Fiyuzi anati mutu ukuwapweteka, ndiponso kuti adokotala anawaletsa kumva phokoso.

Masabata asanu ndi limodzi omwe bambowo anakhala osaponda pansi, a Telala anawagwiritsa ntchito. Anabwereka wilibala ya Wometa n'kuyamba kututa, awiriawiri, mativi khumi ndi anayi kupita nawo kwa a Chete, mwamuna wawo akukuwa pasofa kuti ena mwa iwo angotsala pang'ono kuchira. A Chete anawatsegula imodziimodzi, akupumira m'mwamba. Atatu anadzuka. Otsalawo, anati, akanadzuka onse akanabwera asanakhudzidwe, chifukwa ambiri matenda awo anali a mphindi khumi. Koma tsopano chiwalo cha iyi chinali mwa iyo, cha iyo chili mwa ina, ndipo zina zinapsa ndi msomali.

Ntchito yowawa inali yoyenda khomo ndi khomo. A Telala, omwe sanamasulepo sikulu ya munthu chibadwire, ndi amene anakagogoda kwa eni mativi kukanena zoona. Mwini golosale anawalandira ndi nkhope ya maliro, kenako n'kufunsa ngati phazi lija linaphwanya galasi la tivi yake. Mkulu wa mpingo anati iye anadziwa kalekale kuti m'bale wathuyu alibe mphatso imeneyi, koma sanafune kumufooketsa.

"Ndiye munadikira kuti magetsi ndi amene amuuze?" anafunsa a Telala.

Mkuluyo anati tonse ndife ofooka, ndipo anawaperekeza mpaka pageti mofulumira.

Chikhakha chitachoka, a Fiyuzi anapeza chipinda chija chili mbee, chokolopedwa, muli bedi la alendo. Anakwiya sabata yathunthu. Kenako anazolowera kukhala pabenchi ya kwa Wometa, akuonetsa chipsera cha padzanja kwa aliyense wodikira kumetedwa. Nkhaniyo inkakula mwezi ndi mwezi. Poyamba moto unawaponya pakhoma, kenako unawatulutsa pazenera, ndipo pofika nyengo yozizira unali moto wokwana kuyatsa msewu wonse, womwe iwo anaugwira ndi dzanja limodzi kuti usafike kwa mkazi wawo. Palibe anabweretsanso tivi, koma palibenso anawatsutsa.

Panapita miyezi Namwino asanawaitane makolo ake kunyumba yatsopano. Tsiku lomwe anawaitana, a Telala anaona tivi ina atangolowa pabalaza. Inali yaing'ono kuposa yoyamba ija, ndipo inali pamwamba penipeni pa khoma, pafupi ndi denga, m'kati mwa khola lazitsulo lowotcherera, lokhala ndi loko. Kuti munthu aonere ankayenera kupinda khosi ngati nkhuku ikumwa madzi.

"Akuba achuluka masiku ano, bambo," anatero mkamwini asanafunsidwe.

"Mwachita bwino," anatero a Fiyuzi. "Anthu alibe ulemu ndi katundu wa anzawo."

Anakhala pansi, anapatsidwa tiyi. A Fiyuzi anaonera nkhani kwa kanthawi, maso atatsinzina mbali imodzi, mutu ukupendekera uku ndi uku. Kenako anaika kapu pansi.

"Nkhope za anthuwa zafiira kwambiri. Mwaona? Sizikuyenera kutero. N'kanthu kakang'ono, ka mphindi ziwiri. Aphunzitsi, makwerero muli nawo?"

Namwino anaima ndi thireyi m'manja. Pazenera la kumbuyo kwa mkamwini, a Telala ankaona bwinobwino makwerero atsamira khoma la bafa, akadali ndi madontho a penti. Mkamwini anachotsa manja kumbuyo n'kuwaika m'matumba.

"Tilibe, bambo," anatero. "Ndipo sitibwereka."

A Fiyuzi anabwezera maso pa tivi ija. A Telala anatenga kapu yawo, anathiramo shuga wina, n'kumuuza mwana wawo kuti makatani a pazenera lija ndi aafupi, awabweretse Lolemba adzawawonjezere.